Photoshop ikuti dalaivala wa graphics card ndi wakale: kodi laputopu yatha?

Funso: Ndimakhala ku Rosettenville. Mkati mwa sabata ndimagwira ntchito ina, koma Loweruka ndimajambula zithunzi pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa maphwando a Amalawi anzathu kuno ku Joni. Laputopu yanga ndinagula yakale m'tauni, ndipo ili ndi zomata ziwiri, cha Intel Core i5 ndi cha NVIDIA. Kwa masabata awiri tsopano, ndikatsegula Photoshop ikumatulutsa uthenga woti dalaivala wa graphics card ndi wakale, ndipo nthawi zina chithunzi chimaphethira kapena kuda bii ndikachikulitsa. Ku Windows Update akuti zonse zili bwino. Mnzanga wina wati ndiike pulogalamu yomwe imasaka yokha madalaivala. Ndili ndi zithunzi za ukwati zokwana 600 zoti ndipereke pakutha pa mwezi. Kodi laputopuyi yatha?

Yankho: Achimwene, mtima m'malo. Laputopu yomwe ikuyaka, kutsegula Photoshop, n'kukuuzani chomwe chikuivuta, imeneyo ikadali moyo. Koma pulogalamu ya mnzanuyo musaiike, ndipo dalaivala aliyense musamukhudze mpaka mutapereka zithunzi za ukwatiwo. Ndiyamba ndi ukwati chifukwa ndi umene uli ndi tsiku, ndipo akwati sadzamva nkhani ya madalaivala pomwe abale awo ku Mzimba kapena ku Mangochi akudikira zithunzi pa WhatsApp.

Usiku uno kopani zithunzi zonse pa hard drive ina yapadera, ndipo memory card yomwe munajambulira musaifufute. Kenako tsegulani Photoshop, pitani pa Edit, Preferences, Performance. Kumeneko muona kabokosi kochongedwa kolembedwa Use Graphics Processor. Chotsani kuchongako, tsekani Photoshop, muitsegulenso. Mwaiuza kuti isiye kutuma graphics card, ntchito yonse izigwira ndi pulosesa. Kuphethira ndi kuda kuja kawirikawiri kumathera pomwepo. Mutaya zinthu zingapo: Perspective Warp, Oil Paint ndi Scrubby Zoom sizigwira popanda khadi, pomwe Select and Mask, Blur Gallery, Smart Sharpen ndi Camera Raw ziziyenda mochedwerako. Koma Curves, Levels, Healing Brush, Clone Stamp, kudula chithunzi ndi kukonza khungu la mkwatibwi, zonsezi zigwira monga kale, ndipo ntchito ya ukwati yambiri ndi imeneyi. Ngati mumagwiritsanso ntchito Lightroom Classic, njira ndi yomweyo: Edit, Preferences, Performance, ndipo pa Use Graphics Processor musankhe Off. Malizani ntchito ya anthu, landirani ndalama zanu, ndiye mubwere ku zomwe zili pansipa.

Tsopano tione chomwe chachitika. Graphics card ndi kachipangizo kojambula zonse zimene mumaona pa sikirini. Photoshop siilankhula ndi khadili maso ndi maso. Imalankhula chilankhulo chotchedwa DirectX 12, ndipo pakati pa awiriwa pamaima dalaivala, pulogalamu yaing'ono yomwe imamasulira. Mukudziwa mmene zimakhalira kutchalitchi kuno ku Joni, abusa akulalikira m'Chingelezi, wina ali pambali kumasulira m'Chichewa kapena m'Chizulu. Womasulirayo akakhala kuti Chingelezi chake anasiyira kalekale, abusa n'kuyamba mawu atsopano, amadodoma, kulumpha ziganizo, mwina kungokhala duu. Kuphethira kwa chithunzi chanu ndi kudodoma kumeneko. Windows imadikira khadi kwa masekondi awiri okha, ndipo likapanda kuyankha imazimitsa dalaivala n'kumuyatsanso. Ndi nthawi imeneyo pamene sikirini imada bii kenako n'kubwerera. Zikakuchitikirani muli pakati pa ntchito ndipo sikirini sikubwerera, dinani pamodzi mabatani a Windows, Ctrl, Shift ndi B. Mumva kaphokoso, dalaivala ayambiranso, ndipo mupeza mpata wosunga ntchito yanu.

Mwati vutoli layamba masabata awiri apitawo. Mu laputopu yanu simunasinthe kanthu. Chimene chimasintha kawirikawiri ndi Photoshop. Creative Cloud, pulogalamu yomwe mumaikira Photoshop, imaika yokha mtundu watsopano wa Photoshop pokhapokha mutailetsa, ndipo mtundu watsopano uliwonse umafuna zambiri kwa khadi. Pa Windows, Adobe, kampani yopanga Photoshop, imafuna khadi lofika pa DirectX 12 pa mlingo wa 12_0, lokhala ndi memory yosachepera 1.5 GB, ndipo imanena poyera kuti makhadi opitirira zaka 7 siiwayesanso. Abusa asintha, womasulira ndi yemwe uja.

Nanga bwanji Windows Update ikuti zonse zili bwino? Chifukwa Windows Update imangopereka madalaivala omwe opanga zipangizo anatumiza ku Microsoft. Makampani a malaputopu amasamala mtundu wa laputopu kwa zaka zochepa, kenako amausiya n'kuyang'ana zatsopano. Ikati zonse zili bwino, tanthauzo lake n'lakuti m'nkhokwe mwake mulibe chatsopano choti ikupatseni. Sikuti dalaivala amene muli nayeyo ndi wa chaka chino ayi.

Chenjezo limodzimodzilo limatuluka pa matenda atatu osiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Ambiri amalakwitsa apa: amathamangira kudawuniloda asanadziwe khadi lomwe ali nalo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani dxdiag, dinani Enter. Pa tsamba loyamba lolembedwa System muona dzina lonse la pulosesa yanu. Pa mapulosesa a m'badwo wa 2 mpaka wa 9, nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndiyo m'badwo wake: i5-4300U ndi m'badwo wa 4, i5-6200U ndi wa 6, i5-8250U ndi wa 8. Pansi pa tsambalo palembedwa DirectX Version: DirectX 12. Mawu amenewa asakunamizeni. Akungonena kuti Windows yanu ikudziwa chilankhulocho, osati kuti khadi lanu limachimva.

Za khadi zili pa masamba otsatira. Popeza laputopu yanu ili ndi zomata ziwiri, ili ndi makhadi awiri: la Intel lomwe lili mkati mwa pulosesa, ndi la NVIDIA lapadera. La Intel limaoneka pa tsamba la Display, ndipo la NVIDIA kawirikawiri limaoneka pa tsamba la Render. Pa lililonse lembani pa pepala zinthu zinayi: dzina la khadi, Version ndi Date ya dalaivala, kuchuluka kwa Display Memory, ndi mzere wa Feature Levels. Mzere womalizawu ndi umene umaweruza mlandu. Mukapezamo 12_0 kapena 12_1, khadilo likhoza kuyenda ndi Photoshop yatsopano. Mukaona kuti nambala yaikulu ndi 11_0 kapena 11_1, palibe dalaivala padziko lapansi amene adzalikweze, chifukwa malire amenewo ali m'chitsulo chenichenicho.

Matenda oyamba ndi osavuta. Ngati pa dzina la khadi palembedwa Microsoft Basic Display Adapter, ndiye kuti mulibe dalaivala weniweni n'komwe. Izi ndimazipeza kwambiri pa malaputopu ogulidwa kwa ogulitsa zakale: amafufuta zonse, kuika Windows yatsopano mwachangu, kuona kuti sikirini ikuyaka, basi n'kugulitsa. Windows imakhala ikugwiritsa ntchito dalaivala wongogwirizira. Mukaika dalaivala woyenera, laputopu imakhala ngati yasinthidwa.

Matenda achiwiri ndi amene ndikukufunirani: khadi likufika pa 12_0 koma dalaivala ndi wa zaka zitatu kapena zinayi zapitazo. Nambala ya dalaivala wa NVIDIA imasokoneza, chifukwa Windows imailemba motalika pomwe NVIDIA imailemba mwachidule. Tengani manambala asanu omaliza. Mwachitsanzo, 31.0.15.3623 ndi dalaivala 536.23. Mukatero mutha kufananitsa ndi amene ali pa webusaiti ya NVIDIA.

Dalaivala amatengedwa kwa mwini wake, osati kwina. Wa NVIDIA mutenge pa webusaiti ya NVIDIA, musankhe dzina lenileni la khadi lanu, ndipo muonetsetse kuti mwasankha gulu la Notebooks chifukwa yanu ndi laputopu. NVIDIA ili ndi madalaivala amitundu iwiri. Game Ready amatuluka pafupipafupi kutsatira magemu atsopano. Studio, omwe anayamba mu 2019, amatuluka mwa apo ndi apo ndipo amayesedwa ndi mapulogalamu ngati a Adobe. Inu ndinu wa zithunzi, choncho ngati khadi lanu lili pa mndandanda wa Studio, tengani ameneyo. Makhadi akale kuposa gulu la GTX 10 alibe Studio, ndipo kumeneko Game Ready ndi wokwanira. Poika, musadine Express. Sankhani Custom, muchonge Perform a clean installation, kuti zotsalira za dalaivala wakale zichoke. Kwa amene ali ndi khadi la AMD, chofanana nacho ndi Factory Reset poika pulogalamu yawo ya Adrenalin.

Musalekere pa NVIDIA pokha. Pa malaputopu ambiri a makhadi awiri, sikirini inalumikizidwa ku khadi la Intel, ndipo chimene la NVIDIA lajambula chimadutsa ku Intel chisanafike m'maso mwanu. Dalaivala wa Intel akakhala wakale, chenjezo likhoza kupitirira ngakhale wa NVIDIA ali watsopano. Apa yambani ndi webusaiti ya amene anapanga laputopu, kaya ndi HP, Dell kapena Lenovo, mulembe serial number yomwe ili kunsi kwa laputopu, muone tsiku la dalaivala wawo womaliza. Akakhala wakale kwambiri, pitani kwa Intel eni ake, mugwiritse ntchito Intel Driver & Support Assistant. Pa malaputopu ena akale mudzalandira uthenga woti dalaivalayo sanavomerezedwe pa kompyuta imeneyi. Amenewo ndi opanga laputopu amene anatseka khomo kuti mugwiritse ntchito dalaivala wawo yekha. Kuyambira mu 2020 Intel inamasula loko ameneyu pa mapulosesa a m'badwo wa 6 kupita m'tsogolo omwe ali ndi madalaivala amakono otchedwa DCH. Dziwaninso kuti mu 2022 Intel inaika makhadi a m'badwo wa 6 mpaka wa 10 pa gulu la zakale, kutanthauza kuti amangolandira zokonza zofunikira kwambiri. Choncho musadabwe mukaona kuti dalaivala watsopano kwambiri wa khadi lanu si wa mwezi uno.

Mukamaliza kuika onse awiri ndi kuyatsanso laputopu, pali chinthu china chimene anthu amaiwala. Windows ikhoza kumatsegula Photoshop pa khadi lofooka pofuna kusunga batire. Pitani pa Settings, System, Display, Graphics, mupeze Photoshop pa mndandanda kapena muionjezere, musankhe High performance. Chitani chimodzimodzi ndi Lightroom. Ndipo mukamakonza zithunzi lumikizani chaja, chifukwa pa batire laputopu imachepetsa dala mphamvu ya khadi. Kenako bwererani mu Photoshop, chonganinso Use Graphics Processor, mupite pa Help, GPU Compatibility. Kumeneko Photoshop ikuuzani yokha khadi lomwe ikuona ndi chomwe chikuperewera.

Ndinene za kuno kwathu ku Joni, chifukwa malangizo olembedwa kunja saganizira zimenezi. Dalaivala wa NVIDIA ndi fayilo yaikulu, imapitirira 600 MB. Musaidawunilode ndi data ya pafoni masana. Pezani Wi-Fi, kapena dikirani bandulo ya usiku. Ndipo musanayambe kuika, batire ikhale yodzaza, chaja chili pakhoma. Kwa amene amagwira ntchito pa desktop yopanda UPS (batire yogwirizira kompyuta magetsi akathima) nkhaniyi ndi yaikulu: magetsi akathima dalaivala ali pakati poikidwa, mukhoza kudzuka ndi sikirini yakuda. Tonse tikukumbukira 2023 mmene load shedding inkatidulira ntchito kangapo pa tsiku, ndipo ngakhale masiku omwe kulibe ndandanda, magetsi a m'dera amatha kungothima chifukwa cha mawaya obedwa kapena transformer yapsa. M'chilimwe musayambe ntchitoyi masana mitambo itadetsa kumwera, ziphaliwali za kuno mukuzidziwa. Chomaliza musanadine Install: lembani Create a restore point pa malo osakira a Windows, mupange imodzi. Zikasokonekera, muli ndi pobwerera.

Zimasokonekeradi nthawi zina. Dalaivala watsopano si wabwino nthawi zonse kuposa wakale. Ngati Photoshop yayamba kudzitseka yokha mutangoika watsopano, pitani pa Device Manager, Display adapters, dinani kawiri pa khadi lanu, tsamba la Driver, Roll Back Driver. Chinanso chokwiyitsa n'chakuti Windows Update imatha kubwera usiku n'kuchotsa dalaivala amene mwaika, kubwezeretsa wake wakale uja. Chenjezo likabwerera patapita masiku angapo, tsegulani dxdiag muone tsiku la dalaivala musanaganize china chilichonse. Ngati zinthu zasakanikirana kwambiri, pali pulogalamu yaulere yotchedwa Display Driver Uninstaller, yomwe akatswiri amangoiti DDU. Imagwiritsidwa ntchito mu Safe Mode (kayatsidwe ka Windows ndi zofunikira zokhazokha), intaneti itazimitsidwa, dalaivala watsopano mutamudawuniloda kale. Imachotsa chilichonse, mpaka mizu. Si yoyambira. Ndi ya pamene clean installation yalephera.

Pali msampha wina wa ife a zithunzi umene ndinagwamo ndekha, ndipo n'chifukwa chake ndakuumirizani kuti mupereke kaye za ukwati. Chaka china ndinaika dalaivala watsopano usiku woti mawa lake ndikasindikiza zithunzi za chinkhoswe. Ndinkagwira ntchito pa monitor yolumikizidwa ndi HDMI. Nditayatsanso, zithunzi zonse zinaoneka zotuwa ngati zawazidwa ufa. Poganiza kuti ndinalakwitsa pokonza, ndinaonjezera contrast pa chithunzi chilichonse mpaka usiku pakati. Zitatuluka pa pepala, masuti akuda a akuchimuna anangokhala makala okhaokha, osaoneka mabatani kapena mpindiro. Vuto silinali zithunzi. Dalaivala watsopano anaiona monitor yanga ngati TV, n'kuyamba kutumiza kuwala kwa pakati pa 16 ndi 235 m'malo mwa 0 mpaka 255, choncho chakuda chinkaoneka chotuwa pa sikirini pokha. Ndinasindikizanso ndi ndalama za m'thumba mwanga. Kukonza kwake n'kwa mphindi imodzi: NVIDIA Control Panel, Change resolution, Use NVIDIA color settings, ndipo pa Output dynamic range musankhe Full. Pa laputopu yomwe sikirini imayendetsedwa ndi Intel, zimenezi mukazipeza mu pulogalamu ya Intel ya graphics. Kuyambira pamenepo, ndikasintha dalaivala ndimayamba ndatsegula chithunzi chimodzi chakale chomwe ndinasindikiza kale, ndikuchifananitsa ndi pepala lake, ndisanakhudze chithunzi cha kasitomala.

Za pulogalamu ya mnzanu ija. Mapulogalamu osaka okha madalaivala amakuuzani kuti muli ndi madalaivala 20 kapena 30 akale, zolemba zofiira paliponse, kuti muchite mantha mulipire. Ena amaika dalaivala wa desktop pa laputopu, ena amasintha madalaivala a Wi-Fi ndi a mawu omwe analibe vuto, ndipo ena amabwera ndi zotsatsa malonda ndi zina zoipa kuposa pamenepo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Inu muli ndi madalaivala awiri okha oti musinthe, ndipo onse ndi aulere kwa eni ake. Mnzanuyo amakufunirani zabwino, mumuthokoze, koma musaike.

Tafika pa matenda achitatu, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa malaputopu ambiri ogulitsidwa m'tauni ali m'gulu limeneli. Intel HD Graphics 4000, ya m'mapulosesa a m'badwo wa 3 a mu 2012, siidziwa DirectX 12 n'komwe. HD 4400 ndi 4600 za m'badwo wa 4 zimalekera pa 11_1, ndipo Intel inachita kuzimitsa DirectX 12 pa makhadi amenewa kudzera mu dalaivala wina chifukwa cha vuto la chitetezo. Kumeneko kuika dalaivala watsopano sikuthandiza. Kuyambira pa HD 520 ndi 530 za m'badwo wa 6, za mu 2015, makhadi a Intel amafika pa mlingo womwe Photoshop ikufuna, ngakhale ali ochedwa.

Chodabwitsa chili ku NVIDIA. Chomata chobiriwira chija chimapatsa anthu chikhulupiriro, koma makhadi ngati GeForce 930M, 940MX, MX110, MX130, ngakhale GTX 950M ndi 960M amalekera pa 11_0. Ndiye kuti laputopu ikhoza kukhala ndi khadi la Intel lofika pa 12_1 pamodzi ndi la NVIDIA losafika pa 12_0. Yanu ikakhala yotero, malangizo anga a High performance aja muwatembenuze: pa Graphics musankhe Power saving, kuti Photoshop izigwiritsa ntchito khadi la Intel, ndipo muike dalaivala wa Intel watsopano. Ndi nzeru yooneka yopotoka, kusiya khadi lamphamvu n'kutenga lofooka, koma lofookalo ndi limene likumva chilankhulo. MX150 ndi GTX 1050 ndi za m'badwo wotsatira ndipo zimafika pa 12_1. Komabe NVIDIA nayonso imapumitsa makhadi akale. A desktop a m'badwo wa Kepler, omwe ndi ambiri mwa GTX 600 ndi 700, anasiya kulandira madalaivala a Game Ready mu 2021, ndipo a gulu la GTX 900 ndi GTX 10 anafika pamenepo kumapeto kwa 2025, n'kutsala ndi zokonza za chitetezo zokha.

Makhadi onse awiri akalephera, muli ndi njira zitatu. Yoyamba ndi kukhala momwe ndakuuzani poyamba, Use Graphics Processor itazimitsidwa, mpaka kalekale. Alipo ambiri amene akudyetsa mabanja ndi Photoshop yoyenda chotero. M'mitundu ina ya Photoshop, pa Preferences, Technology Previews, mumapezeka kabokosi ka Older GPU Mode kapena Deactivate Native Canvas. Mukakapeza kayeseni, kamathandiza makhadi ena akale. Yachiwiri ndi kubwerera ku Photoshop yomwe inkayenda bwino. Mu Creative Cloud, dinani timadontho titatu pafupi ndi Photoshop, musankhe Other versions, muike mtundu wam'mbuyo, kenako muzimitse Auto-update kuti isadzisinthenso. Dziwani kuti Adobe imangosunga mtundu waukulu wa panopa ndi umodzi wam'mbuyo mwake, choncho njira imeneyi ndi yogulira nthawi, chaka chimodzi kapena kuposerapo pang'ono.

Ndikudziwa kuti ena mwa owerenga Photoshop yawo inachokera pa flash ya mnzawo. Sindikuweruzani, ndalama za rendi ndi zotumiza kumudzi ndikuzidziwa. Koma Other versions mulibe, ndipo mapulogalamu othyoledwa ndi khomo lodziwika lolowera mavairasi omwe amatseka mafayilo onse n'kufuna dipo. Taganizani zithunzi za maukwati a anthu zitatsekedwa. GIMP ndi yaulere ndipo siivutitsa khadi. darktable ndi RawTherapee ndi zaulere zokonzera mafayilo a RAW, zithunzi zosakonzedwa zochokera mu kamera. Affinity, yomwe Canva inagula mu 2024, inakhala yaulere kumapeto kwa 2025. Zimafuna kuphunziranso, koma usiku mumagona tulo.

Ndisanafike pa njira yachitatu, yomwe ndi kugula ina, onetsetsani kuti vuto si kutentha. Ngati mizere kapena timadontho tamitundu tikuoneka laputopu ikangoyaka, Windows isanatseguke n'komwe, limenelo si vuto la dalaivala, ndi khadi kapena sikirini yeniyeniyo. Ngati fani ikulira ngati ndege ndipo Photoshop imayamba kuphethira pakapita theka la ola, kaitsukitseni mkati ndi kuikamo thermal paste watsopano (phala lothandiza kuchotsa kutentha pa pulosesa ndi khadi). Fumbi la kuno m'miyezi yozizira ndi mphepo ya mu Ogasiti limatseka fani msanga, makamaka ngati mumakonzera zithunzi pabedi, laputopu ili pa bulangete. Amene ali ndi Mac nkhani yawo ndi yaifupi: madalaivala amabwera pamodzi ndi macOS, choncho chenjezo likatuluka mukweza macOS, ndipo Mac ikakana kukwera ndiye kuti yafika pa malire ake.

Kodi kugula ina n'koyenera liti? Kwa wojambula maukwati, chimene chimakankha ndi maholo amdima. Mumajambula madzulo m'holo ya magetsi ofooka, ISO ili pamwamba, zithunzi zimatuluka ndi timchenga. Denoise ya mu Lightroom ndi Camera Raw, yomwe inabwera mu 2023, imachotsa timchengato modabwitsa, koma imadalira khadi kwambiri. Pa khadi la Intel lakale chithunzi chimodzi chimatha kudya mphindi zingapo, pomwe pa khadi lamakono la NVIDIA la gulu la RTX ndi masekondi. Chulukitsani ndi 600 muone. Chinanso ndi Windows. Microsoft inathetsa chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna pulosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatulapo zochepa chabe. Laputopu ya m'badwo wa 6 kapena wa 7 ikhoza kugwira ntchito lero, koma opanga madalaivala ndi a Adobe onse akuyang'ana ku Windows 11.

Khadi la mu laputopu linawotchereredwa pa motherboard, silisinthika. Wina akakuuzani kuti akuikirani graphics card yatsopano mu laputopu wamba, tulukani mu shopumo. Pa desktop khadi limazulidwa n'kuikamo lina, n'chifukwa chake amene ali ndi malo okhazikika ndimawalangiza desktop yakale yabwino, kuonjezera khadi ndi UPS. Ngati mukufuna laputopu, musagule poona chomata. Pemphani kuti aiyatse, lembani dxdiag muli pomwepo ndalama zili m'thumba, muone m'badwo wa pulosesa, muone 12_1 pa Feature Levels ya khadi lapaderalo, ndi Display Memory ya 4 GB kapena kuposa. RAM ikhale 16 GB. Photoshop imayaka ndi 8 GB, koma mukatsegula pamodzi ndi Lightroom mudzakhala mukudikira. Wogulitsa akakana kuti muyese, mashopu ndi ambiri kuchokera ku Small Street mpaka ku Fordsburg.

Pa laputopu yanu ya panopa, mukapereka zithunzi za ukwati tsegulani dxdiag, dinani Save All Information, ipanga fayilo ya zolemba. Musatumize fayilo yonseyo pagulu chifukwa muli dzina la kompyuta yanu ndi zina. Munditumizire mizere itatu yokha: dzina la pulosesa, mayina a makhadi awiriwo, ndi Feature Levels ya lililonse. Ndi imeneyo ndikuuzani ngati musankhe High performance kapena Power saving.